Mazira a Gulo ndi Manja a Ankhazi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene adada anandisiyira mazira a gulo kuti ndiwasamale. Nkhaniyi yandibwerera chifukwa mwezi wathawu mdzukulu wanga Wezi, amene amagwira ntchito ku Joni, anandiimbira foni. Wayamba kuweta analimata a mawanga onga a kambuku, amene anthu kumeneko amasunga m'nyumba ngati ziweto, ndipo wamkazi anali atangoikira mazira ake awiri oyamba. Anandifunsa kuti, "Agogo, inu mwaweta nkhuku moyo wanu wonse. Ndiziwatembenuza kangati?"

Adada anali mphunzitsi pasukulu ya mishoni kufupi ndi Bolero. Tsiku lina ana akulima m'munda wa sukulu, khasu linafukula mazira asanu ndi limodzi a gulo, buluzi wamkulu uja amene amagwedeza mutu wake wabuluu pamtengo. Anali oyera, ofewa ngati chikopa. Adada anawanyamula osawapendeketsa, nawaika m'chitini cha mchenga wachinyezi, ndipo analonjeza ana a m'kalasi mwawo kuti adzaona okha tiana tikutuluka. Posakhalitsa anaitanidwa ku maphunziro a aphunzitsi. Amayi anali atamwalira kale, choncho ine ndi chitini tinapita kukakhala kwa mlongo wawo wa adada, amene kuno timawatchula kuti ankhazi.

Asananyamuke, adada analemba kamtanda ndi pensulo pamwamba pa dzira lililonse. "Kamtandaka kaziyang'ana kumwamba nthawi zonse," anatero. "Kamwana kamamatira kudenga kwa chigoba. Ukatembenuza dzira, kamamira m'madzi ake omwe. Uziwaza madzi pamchenga, koma mazirawo usawakhudze."

Ankhazi anali mayi wa mawu ochepa, amene ngakhale amuna a m'banja mwathu ankawaopa. Pa za nkhuku panalibe wowaposa. Ankadziwa dzira lamoyo pongoliunika padzuwa. Poyamba ankangoima pakhomo la khitchini kundiyang'ana ndikuwaza madzi. Koma m'mawa wina, pochokera kotunga madzi, ndinawapeza atagwada pachitini, chivindikiro chili pambali.

"Iwe Jesi, mazira awa sunawatembenuzepo chibwerere?"

"Ayi, ankhazi. Adada anati ndisawakhudze."

"Adada ako anaphunzira mabuku, sanaphunzire thadzi. Unaonapo thadzi losatembenuza mazira ake? Asukusa awa, ndiye anthu adzati zinthu za aphunzitsi zinaonongekera pakhomo panga."

Chala chawo chinali kale pa dzira loyamba. Kwathu mwana satsutsa ankhazi ake, pakuti ndiwo amene amakulangiza ukatha msinkhu, ndiwonso amene amamvedwa pa nkhani ya ukwati wako. Ndinaonanso kuti sankafuna kuononga kanthu. Ankafuna kuti mlongo wawo asadzachite manyazi pamaso pa ana asukulu. Komabe dzira linali litayamba kupendekeka, kamtanda kakutsetserekera kumbali.

Ndinatula ndowa, ndinagwada pambali pawo, maso pansi. "Ankhazi, ine ndine mwana, sindidziwa. Koma onse akachitidwa chimodzimodzi, tikalakwa titaya onse. Bwanji inu musamale awiri monga mudziwira, anayi otsalawa ndisamale monga ndinauzidwira?"

Anandiyang'ana mpaka mawondo anga anayamba kuwawa. "Lilime la adada ako," anatero potsiriza. Kenako anajambula mzere pamchenga ndi chala, awiri mbali yawo, anayi mbali yanga.

Masabata otsatirawo sindinakhale ndi mtendere. M'mawa ndi madzulo ankhazi ankatembenuza mazira awo awiri mosamala, ngati akusisita khanda, ine nditaima pafupi kuyang'anitsitsa kuti dzanja lisadutse mzere. Ndikakhala m'kalasi maganizo ankakhala pachitini, ndipo belu likalira ndinkathamanga kukaona ngati timitanda tikadali kumwamba. Patapita nthawi, mazira a ankhazi anayamba kufota ndi kuchita nkhungu. Koma limodzi mwa anga nalonso linabonyoka pambali, ndipo ndinayamba kukayika. Nanga ngati adada analakwitsa? Ine ndi ankhazi tinkadyera mbale imodzi, tikukamba za nyemba ndi za tchalitchi, koma za chitini panalibe wotchula.

Adada atabwera, asanavule n'komwe jekete, anapempha chitini. Anaweramira anayi anga, nanena kuti kubonyokako n'chizindikiro chakuti ali pafupi kuswa. Kenako anaona awiri akuda aja kutsidya kwa mzere.

"Nanga awa achita chiyani, Jesi?"

Sindikanatha kunama kwa adada, sindikanathanso kuneneza ankhazi pamaso pa mlongo wawo. Ndinangoyang'ana mchenga.

"Amenewo ndinawathandiza ine, aphunzitsi," anatero ankhazi ali pakhomo, nkhope yosasintha.

Adada anatseka chitini pang'onopang'ono. "Yewo chomene pondisungira mwana," anatero, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

Mazira anayi aja anaswera m'kalasi sabata yomweyo. Tiana ta gulo, totalika ngati chala changa chaching'ono, tinatulutsa mitu pang'onopang'ono, ana asukulu atazungulira tebulo ali chete. Nditakweza maso, ndinaona ankhazi ataima kunja pazenera akusuzumira, manja onse awiri atawapinda kumbuyo.

Wezi ndinamuuza zimene adada anandiuza: alembe kamtanda, asamale chinyezi ndi kutentha monga odziwa za analimatawo angamulangizire, ndipo asatembenuze. Titatha za mazira, palilime panga panabwera funso limene ndimamufunsa nthawi zonse akaimba, lakuti adzabwera liti kumudzi kudzakhazikika pabanja monga tinachitira ife. Ndinalimeza. Tsopano ndine ankhazi a ambiri, ndipo ndazindikira mochedwa kuti manja odziwa ntchito ndiwo amavuta kuwaletsa, chifukwa chimene chinaswetsa anapiye ambiri ndicho chinapha mazira awiri aja. Ndinangomupempha kuti mazira akadzaswa adzandiuze, ndipo foni itaduka ndinapeza kuti dzanja langa lina lili kumbuyo.