Mota ya Atate Chaka Chimene Amayi Anamwalira

Fungo la gasolina, mafuta a injini aja, losakanikirana ndi fumbi lotentha limandibwezabe pansi pa mtengo wa mtondo umene unali kuseri kwa nyumba yathu, m'mudzi mwa amayi kufupi ndi Chipera. Chinali chilimwe. Nyenje zinkalira mpaka m'makutu kuwawa, mapiri atada ndi lupsa, mbuzi zikungopuma wefuwefu m'mithunzi ya nkhokwe. Ine ndinali kamtsikana ka kalasi yachiwiri. Amayi anali atamwalira m'nyengo yozizira, titangomaliza kukolola, ndipo pakhomo panali zii ngati pasamuka anthu.

Atate, a Juliasi, sanali a m'mudzimo. Kwawo kunali ku Malowera, kuno anangobwera kudzakwatira. Nyumba anamanga ndi manja awo, koma malo anali a kuchikazi. Munda anaswa okha mphanje, koma nthaka inali ya amayi. Chawochawo chinali chimodzi: mota, njinga yamoto yakale imene anabwera nayo kuchokera ku Zambia, kumene anakulira pothawa nkhondo. Inali ya mapangidwe akale, thanki yofiira yosuwa, nyali imodzi yobulungira ngati mbale, mawilo a masipoko, yoliza popondaponda ndi phazi. Mpando wake unali utaphwa, moti wokhala kumbuyo ankakhalira chitsulo chenicheni.

Pa mota imeneyo ndi pamene ananyamulira amayi kupita kuchipatala ku Fingoe ulendo womaliza. Anawamangirira kumsana kwawo ndi chitenje kuti asagwe. Ine ndinawathamangira mpaka kumsewu, ndipo ndinamva amayi akubuula wilo likagunda mwala, mota ikutsokomola pa chitunda ngati nayonso ikudwala. Pobwerera amayi anabwera pa galimoto la eni, atakutidwa bulangete mpaka kumutu.

Maliro atatha, atate anasiya kuyankhulayankhula. M'mawa wina anangokankha mota ija mpaka pansi pa mtondo, nayala saka, nayamba kuimasula. Tizitsulo tating'ono ankatiika m'beseni losweka la amayi kuti nkhuku zisatimwaze. Anagulitsa mbuzi zawo, napita ku Fingoe kwa amalonda obweretsa zida kuchokera ku Zambia. Anabwera ndi ma amotesedori atsopano, zitsulo za masipuling'i zija zimene zimameza mabampu, zonyezimira ngati sizinapangidwire fumbi lathu. Ulendo wina anabwera ndi kabureta m'kabokosi, yoti injini izikoka bwino pa chitunda. Kenaka matayala a mano akuluakulu ogwira matope, onunkha mphira mpaka m'nyumba. Pomaliza unabwera mpando wautali, wakuda, wonenepa, umene ndinkaudina ndi chala nkumaona ukudzukanso wokha.

Masiku onsewo ankagwira ntchito mwakachetechete, thukuta likugwera pa injini, manja ali bii. Akamanga chitsulo ankaliza mota, nkutchera khutu mutu atapendeka, nkuizimitsa, nkumasulanso. Kabureta inawavuta kwambiri. Tsiku lina mota inkalira mokalipa yokha, lina inkangozima, utsi wabuluu uli tolo m'masamba a mtondo. Sanatukwane ngakhale kamodzi. Chakudya chimene amayi aang'ono ankatibweretsera chinkazizira pambali pawo mpaka nyerere kuchipeza.

Anthu anayamba kulankhula. Ku mjigo, ndili pamzere ndi kachigubu kanga, mayi wina anauza mnzake mosabisa mawu: “Mkazi sanaiwalike n'komwe, mwamuna ali kale kukongoletsa njinga. Pali wina ameneyu.” Mnzakeyo anandiona, namutsina. Ndinabwerera madzi akutayikira m'khosi, mumtima muli chinthu cholemera chimene sindinkadziwa dzina lake.

Atsibweni a Bernardo, mchimwene wa amayi, ndiwo anali mwini mbumba. Madzulo ena anabwera naima pamthunzi, manja kumbuyo, nayang'ana matayala aja nthawi yaitali.

“Alamu, mbuzi zonse zija zathera pa zitsulo?”

“Zinali zanga, alamu,” anayankha atate osadzutsa mutu.

“Nsudzulo tauika mvula isanagwe, kuti mukapeze nthawi yodzala kwanu.”

Atate anangogwedeza mutu. Ine mawu oti nsudzulo sindinkawadziwa. Ndinafunsa amayi aang'ono, ndipo anandiuza akupeta mphale, osandiyang'ana, kuti ndi tsiku limene mwamuna woferedwa amamasulidwa kuti abwerere kwawo. Ndinafunsa ngati mwana amapita nawo. Iwo anangouzira gaga palichero.

Patapita masiku, atate anandiitana nandikweza pa mpando watsopano uja. Miyendo yanga inkalendewera, osafika popondera. Anayeza ndi chingwe kuyambira pa bondo langa mpaka kuchidendene, napita ndi mota kwa wowotcherera zitsulo. Pobwera inali ndi timapondero tiwiri tapamwamba, tolingana ndi mapazi anga ndendende. Pamenepo mtima wanga unakhala pansi. Ndinati m'mutu mwanga, palibe mkazi wina, wokhala kumbuyoyo ndine. Ndinamanga madiresi anga awiri ndi kope la kusukulu m'kansalu, nkubisa kuseri kwa mtsuko.

Tsiku loiyesa tinatsata msewu wa ku Fingoe, dzuwa likupendeka. Mota inalira ndi mawu ena, okhuthala, osatsokomola. Chitunda chija inakwera ngati palibe chitunda. Miyala inkadutsa pansi pathu, ine nkumangoyandama ngati ndakhala pa mtolo wa thonje, mphepo yotentha ikundiumitsa milomo. Ndinaseka mokweza, koyamba chimwalirire amayi. Titafika pamalo pamene msewu unakumbika ndi madzi, atate anatembenuza mutu pang'ono.

“Rosita, ukumva kuwawa?”

“Ayi, atate. Sindikumva kanthu.”

Anayendabe pang'ono, kenaka anaima pakati pa tchire lopsa, nazimitsa injini. Sanatsike. Anangogwira zogwirira, mutu uli pansi, ndipo msana umene ndinaukumbatira unayamba kunjenjemera. Injini inkalira tiki tiki pozizira. Patapita nthawi ananena chapansipansi, ngati sakuuza ine: “Zitsulo zake zinalipo nthawi yonseyi, amayi ako akubuula pamsewu uno.” Anapukuta nkhope ndi mkono wa malaya, tinabwerera pang'onopang'ono.

Nsudzulo unachitika kumwamba kutayamba kuda, mphepo ikununkha mvula yakutali. Akuluakulu a mbali zonse anakhala pa mphasa pakhomo pathu. Anagawa mapoto ndi zitenje za amayi, nauza atate kuti anasunga bwino mkazi wawo, palibe mlandu, apite mu mtendere. Pamenepo atate anagwada, chipewa m'manja, napempha kuti anditenge, akandiphunzitse ku Malowera, azindibweretsa pa tchuthi chilichonse.

Atsibweni anayankha maso ali ofiira. “Alamu, mlongo wanga ndamuika m'manda. Chimene wandisiyira ndi mwanayu. Khomo ndi lotsegula, muzibwera kudzamuona, koma mwana ndi wa pano.”

Ine sindinadikire kuti amalize. Ndinathamangira m'nyumba, ndinatenga kamtolo kanga, nkukwera pa mota, mapazi pa timapondero tanga, manja atagwira mpando zolimba. Anthu onse anayang'ana kumbali. Amene anabwera kudzanditsitsa sanali atsibweni. Anali atate. Anamasula zala zanga chimodzichimodzi, manja awo akununkha oyilo, nandipereka kwa amayi aang'ono. Pamalo panga anamangapo thumba la zovala ndi khasu. Anaponda kamodzi kokha, mota inalira, ndipo fumbi lisanakhale pansi anali atazimirira kale kuseri kwa chitunda.

Anabweradi. Mvula ya chaka chimenecho inali yambiri, mitsinje inadzaza, magalimoto anasiya kudutsa, koma Loweruka lina ndinamva kulira kokhuthala kuja ndili kumunda. Anafika matope mpaka m'chiuno, atanyamula mango ndi nsapato zapulasitiki zimene zinandichepa. Ine ndinakana kuwapatsa moni. Ndinakhala kuseri kwa nkhokwe mpaka ananyamuka. Anabweranso, nabweranso, ndipo pang'onopang'ono ndinayamba kumakhala nawo pakhonde, koma sindinalole kukweranso mota ija. Zaka zitapita anayamba kunyamula okumba golide, maulendo anatalikirana, anakwatira, ndipo anamwalira ine ndili kale pabanja panga.

Pa ubwana wanga wonse ndinkadana ndi mota imeneyo. Ndinkati atate anathera chilimwe chathu chomaliza akuyang'ana zitsulo m'malo moyang'ana ine, ndipo anailimbitsa kuti iwathawitse msanga. Tsopano ndine wamkulu kuposa mmene iwo analili nthawi imeneyo, ndipo ndaona amuna ena akusudzulidwa pakhomo pathu pomwe. Ndikuganiza kuti yankho la atsibweni ankalidziwa kuyambira tsiku la maliro. Nyumba sakanaitenga, munda sakanautenga, mwana sakanamutenga. Chimene chinatsala m'manja mwawo chinali msewu wa pakati pa Malowera ndi ine, ndipo anathera chilimwe chonsecho akuyesa kuufupikitsa.