Mtondo wa amayi pansi pa lata

Amuna anga atapuma ntchito ya kunjanji, anzawo ena anayamba kuweta nkhuku, ena kulima tomato. Anga anabwera ndi mtembo wa galimoto. Inafika pakhomo pathu ku Natuseko chokokedwa ndi chingwe, kuchokera kuseri kwa nyumba ya munthu wina ku Katondo, kumene inakhala mpaka udzu kumera pansi pa mipando. Inali ya makedzana, yamsana wozungulira ngati kamba, ya mtundu umene ankakwera mabwana a kumgodi ine ndili mtsikana.

Ndinafunsa kuti, "Bambo, mukufuna kugulitsa zitsulo ku Makululu kodi?"

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. "Amayi, iyi ndiidzutsa. Mudzakwera kutsogolo."

Poyamba sindinadandaule. Mwamuna wopuma ntchito akasowa chochita amayamba kuvundukula mapoto ako, ndiye ndinati bola adzipaka girisi panja. Vuto linayamba tsiku limene anaphwasula wailesi yakale n'kuchotsa maginito a m'sipika. Anawayendetsa pathupi pa galimoto, akumata apa, akumata apo. Atafika pa madigadi a kumbuyo, pamwamba pa tayala la kumanzere, maginito anagwa pansi. Anatola, n'kuikanso, anagwanso.

"Apa palibe chitsulo," anatero. "Inagundidwa kalekale, wina anangomata."

Ine ndinati ngati anamata n'kupenta, ndipo zaka zonsezi palibe anaona, siyani choncho. Ayi, iwo chilonda chobisika sachifuna. Anatenga tchizulo n'kuyamba kugoba. Munatuluka phala louma loyera lija amakanika amati fila, lochindikala ngati chigumu. Pansi pake munali waya wa khola la nkhuku, pansi pa waya mapepala a thumba la simenti. Pansi penipeni ndiye panali chitsulo chokwinyika ngati nsalu yosasita, dzimbiri litachidya timabowo. Fumbi la fila linayera pabwalo ponse. Mfutso wanga umene ndinayanika pa mphasa ndinataya. Zovala pa chingwe ndinkachapa kawiri.

Kenaka kunabwera hamala. Kuyambira dzuwa likutuluka, ngo, ngo, ngo. Mnansi wanga, mayi wa Chibemba amene timagawana mpanda, ankasuzumira n'kunena kuti, "Mwatsegula fakitale, mayo? Mutilembeko ntchito." Anamenya chitsulo chija mpaka chinapyapyala n'kufutukuka. Ukachikankha ndi chala chinkalowa, ukasiya n'kutumphuka chokha ngati chivindikiro cha chitini.

Tsiku lina kunabwera mnzawo wa ku Katondo, mkulu wadazi amene kale ankawongola magalimoto. Anagogoda ndi chala, napukusa mutu.

"Achimwene, mwachipha. Dulani pamenepa, mupange chigamba cha lata, tidzawotcherere. Koma chigamba chikhale chokumbika ngati chikho. Pezani chitsa chokhala ndi dzenje, muike lata pamwamba, muzimenya pang'onopang'ono."

Ndinali pakhonde ndikusenda mtedza. Ndinaona maso a amuna anga akuyenda pabwalo, kudutsa mbaula, kudutsa ndowa, n'kukaima pa mtondo wanga.

"Musayerekeze," ndinatero.

"Ndanena kanthu ine?"

"Maso anu anena."

Mtondo umenewo unali wa amayi. Bambo anga atapeza ntchito kumgodi kuno anaitanitsa amayi kuchokera ku Dedza, ndipo amayi anasiya mphasa, anasiya mitsuko, koma mtondo anakwera nawo lole. Unali wa mbawa, wolemera, mkati mwake mosalala ndi mafuta a mtedza wa zaka zonsezo. Chimanga timapita nacho ku chigayo, inde, koma nsinjiro za m'ndiwo za chibwabwa, chigwada, thobwa la pa ukwati, zonse zinkadutsa mmenemo. Amayi akudwala anandiuza kuti ukadzatopa upatse mwana wako wamkazi woyamba, ndipo mwanayo, amene ali pabanja ku Lusaka, ankadziwa kuti ndi wake.

Ndinawauza amuna anga zonsezi ngati sakuzidziwa. Anati amva. Anapita kukafuna chitsa, anabwera ndi cha mango, chinang'ambika tsiku lomwelo. Anayesa pa tayala, lata linangodumpha. Anakumba kadzenje pansi, linatuluka lopindika ngati khutu la galu. Ine mtondo ndinaulowetsa kukhitchini n'kuuvindikira ndi lichero, pamwamba n'kuikapo thumba la nyemba.

Ndiye kunagwa maliro ku Makululu, mayi wa mumpingo mwathu. Maliro a mnzako sungangoonekera n'kubwerera, ndinakhala komweko mpaka kuika. Pobwera ndinatsika minibasi pamsewu, ndikuyenda ndi chitenje changa cha mpingo, miyendo itatopa. Ndisanakhote pa ngodya ndinamva kulira. Mayi aliyense amadziwa mawu a mtondo wake. Wa mnansi wanga umalira mopepuka, wanga unkalira kuchokera pansi, kuti gu, mpaka kumva m'mapazi. Tsiku limenelo unkalira gu yemweyo, koma pamwamba pake pali nge wa chitsulo.

Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mapeyala. Mtondo uli chilili, lata lili pakamwa pake, mkulu wadazi uja atagwira m'mbali ndi magolovesi, amuna anga atakweza munsi wanga m'mwamba ndi manja awiri. Munthu amene chikwatirane sanasinjepo ngakhale tsabola.

Mkulu wadazi ndiye anayamba kundiona. "Mlamu, mwayenda bwanji kumaliro?"

"Chotsani lata."

"Amayi, tatsala pang'ono," anatero amuna anga. "Taonani mmene lakumbikira. Ngati la kufakitale."

"Ndati chotsani."

Anachotsa. Mlomo wa mtondo unali utadyeka kuzungulira, malo ena lata litadula ngati mpeni. Ndipo kuchokera pamlomo kutsika mpaka pakati panali mng'alu woti n'kulowetsamo chikhadabo. Ndinakhala pansi pa dothi pomwepo. Mkulu wadazi anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi alendo kunyumba, anakwera njinga yake.

"Unali kale ndi kamng'alu," anatero amuna anga.

"Unali nako liti?"

"Mkati. Kosaoneka. Mitengo yakale imatero."

Ndinawaphikira masiku amenewo, pakuti njala si chilango cha munthu wamkulu, koma ndiwo zinali za madzi ndi mchere. Atafunsa za nsinjiro ndinawalozera galimoto.

Ndikanadziwa ndikanautsekera kuchipinda. Koma ndinati chafa chafa, ndinausiya pakhonde. Loweruka lina ndikuchokera ku msika ndinapeza amuna anga ataima pakhomo, manja kumbuyo, akumwetulira ngati mwana amene wakhoza mayeso.

"Bwerani muone."

Kuseri kwa nyumba kunali chinthu chovindikiridwa ndi chitenje changa. Anavundukula. Unali mtondo wa amayi. Mng'alu anaumata ndi fila, mlomo anauumba ndi fila, anakwecha ndi sandipepa mpaka kusalala, kenaka anaupopera penti yotsala ya galimoto. Wabuluu, wonyezimira, kunja ndi mkati momwe.

"Pitani ndi chala," anatero. "Simungapeze pamene panali mng'alu."

"Bambo, si inu munakhala mwezi wathunthu mukutukwana munthu amene anamata galimoto ndi fila?"

"Uja anamata moipa. Ine ndatsata ndondomeko yake."

Mnansi wanga anali atafika kale pa mpanda. Anaseka mpaka kugwira mtengo. "Mayo, muupezere nambala, uziyenda pamsewu."

Amuna anga anaumirira kuti ndiyese. Ndinati chabwino. Ndinathira mtedza wokazinga, ndinatenga munsi, umene nawonso unali utaphwanyika kumutu, n'kuyamba kusinja. Sunalire gu. Unalira ngati ukumenya katoni yonyowa. Posakhalitsa penti inayamba kusupuka, fila anathothoka, mng'alu unayasamula kuposa kale. Ndinakokolola zonse, mtedza, tizibenthu toyera ndi tabuluu, n'kuwaikira m'mbale pa mwendo.

"Sefani, mutenge fila wanu. Wotsalayo ndikuthirirani m'chibwabwa."

M'mawa mwake amuna anga anakwera minibasi, madzulo anabwera ndi mtondo watsopano wogula kwa osema a m'mbali mwa msewu wa ku Kapiri. Ndi wa mtengo wofewa, wopepuka, ukamasinja umayenda pabwalo, umafunika kuupana ndi mapazi. Nsinjiro zake zimanunkha utomoni. Ndimasinjamo, nanga n'kutani.

Chigamba chija anawotcherera, ndipo ndisaname, chinakhala bwino. Anthu odutsa amaima n'kusisita madigadi aja, amuna anga n'kumawafotokozera za kukumbika kwake. Za chimene anakumbira sanena.

Mwana wanga atabwera pa Khirisimasi ndinamulowetsa kuchipinda, kumene ndinauimika pakona. Anauyang'ana, anayendetsa chala mumng'alu, anakanda penti ndi chikhadabo mpaka mbawa inaonekera pansi pake.

"Adadi ndi amene achita izi?"

"Ukawafunse wekha, ali pansi pa galimoto."

Sanapite kukawafunsa. Anapempha mpeni wakukhitchini, anakhala pa mkeka, mtondo pakati pa miyendo, n'kuyamba kupala penti ija pang'onopang'ono. Anati mtondowo sudzasinjanso, koma kunyumba kwake sukalowa uli wabuluu. Ndinatenga mpeni wina n'kuyamba mbali inayo.