Mzere wa kumanzere kwa mutu wanga

Ine amene ndikulemba izi ndine mwamuna wamkulu, wokwatira mu tchalitchi, bambo wa ana anayi, wokhala m'dera la Mualadzi, m'boma la Chifunde. Ntchito yanga, kuwonjezera pa kulima chimanga, ndi kulembera anthu makalata opempha zinthu ku boma, amene kuno timati rekerimentu. Sukulu sindinapite nayo patali. Kalembedwe ndinakaphunzira pokopera makalata akale amene anthu ankabwera nawo kuchokera ku Chifunde atadindidwa chidindo cha boma, chimene timati karimbu, ndipo kalembedwe kena ndilibe. Choncho nkhani ya m'nyumba mwanga ndiyifotokoza m'njira yomweyo, pakuti ndikayesa kuyinena pakamwa ndimayamba kukuwa.

Nkhaniyi ndi ya mzere umene unali m'tsitsi langa kwa zaka khumi ndi chimodzi.

Nkhondo itatha tinabwerera kwathu kuchokera ku Malawi, kumene tinathawira ndili mnyamata. Pa galimoto yaikulu imene inatinyamula panali banja lina la ku Mualadzi, lokhala ndi atsikana awiri. Wamkuluyo anandiyang'ana ulendo wonse. Anthu ankalozerana midzi yopsa, ena akulira, ena akuchenjezana za mabomba okwiriridwa m'minda, amene timati mina. Iye ankayang'ana ine. Ndinali wowonda, wa mpata pakati pa mano, wopanda mbuzi ngakhale njinga, ndipo panalibe mkazi amene anali atandiyang'anapo chotero. Ndinaganiza kuti waona munthu wanzeru.

Patapita chaka amalume anga anakandifunsirira, ndipo ndinalowa chikamwini m'mudzi mwawo. Loweruka loyamba la ukwati wathu mkazi wanga anandikhazika pa mpando kuseri kwa nyumba, natenga madzi ofunda m'beseni, sopo ndi lezala. Anandichepetsa tsitsi m'mbali. Kenaka anagwira chibwano changa, napendeketsa mutu wanga, nalemba mzere wowongoka kumanzere, kuchokera pamphumi mpaka pakati pa mutu. Atamaliza anabwerera m'mbuyo mapazi awiri nandiyang'ana.

"Tsopano mwakhala bwino, bambo," anatero.

Kuyambira tsiku limenelo sanaphonye Loweruka. Lezala ikasowa ankagwiritsa ntchito galasi la botolo losweka, osanditema ngakhale kamodzi. Atadwala malungo anandimeta atakhala pansi, ine nditagwada. Amuna anzanga, amene ankametana okhaokha ndi lumo lobuntha, ankandichitira kaduka. Anyamata ofuna kukwatira akabwera pa tebulo langa lolemberapo makalata pafupi ndi posto, ofesi ya boma ya m'dera lathu, ndinkawalangiza za banja, ndipo umboni wanga unali mutu wanga. Ndinkawauza kuti auyang'ane. Ndikakumbukira malangizo amenewa lero, ndimachita manyazi.

Zinaululika m'nyengo yokolola. Tinali pabwalo masana tikutong'ola chimanga: ine, mkazi wanga, amene pa nthawiyo anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ndi mng'ono wake, mlamu wanga, amene anakwatiwa ku Nsadzo ndipo anabwera kudzatithandiza. Wailesi inali pa mphasa. Inayamba nyimbo yakale ya gitala, ya ku Malawi, mawu a mwamuna. Manja a mkazi wanga anaima, chisononkho chili m'dzanja. Mlamu wanga anaphulika kuseka.

"Alamu, dzukani muvine, mbale wanu akuyimba!"

"Mbale wanga uti?" ndinafunsa.

"Ha! Mpaka lero sanakuuzeni? Achemwali, asonyezeni kapepala kaja."

"Tseka pakamwa, iwe," anatero mkazi wanga.

"Nditsekerenji? Mudzi wonse ukudziwa, ndi agalu omwe. Alamu, inu si mumagwira ntchito ya mapepala? Ndiye mundimva msanga. Inu ndinu fotokopiya. Mwiniwake ali m'buku la nyimbo za ku tchalitchi."

Ndinasiya chimanga ndi kulowa m'nyumba. Bukulo linali pamalo pake, pa kabokosi. Pakati pa nyimbo za Lenti ndinapeza pepala lochokera m'chikuto cha kaseti, lopindidwa, lofewa ngati nsalu chifukwa cha kugwiridwagwiridwa. Panali mwamuna wonyamula gitala, wowonda, wa mpata pakati pa mano, wovala malaya oyera a kolala yaikulu. Mutu anaupendeketsa kuti mzere wa kumanzere uoneke. Dzina lake linalembedwa pansi, koma sindilitchula, pakuti m'nyumba mwanga wakhalamo mokwanira.

Ndinakweza maso. Pakhoma panali chithunzi cha ukwati wathu. Ndinali nditavala malaya oyera a kolala yaikulu, amene mkazi wanga anasankha yekha pa kaunjika. Mutu wanga unali wopendekeka. Ndinakumbukira kuti wojambula zithunzi anandiuza kuti ndiwongole khosi, ndipo mkwatibwi anati ayi, akhale choncho.

Mkazi wanga analowa naima pakhomo.

"Amayi," ndinatero, "munthu uyu ndani?"

Sanabise. Anati ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, woyimbayo anabwera ndi gulu lake pa msika wa pafupi ndi msasa wathu wa othawa nkhondo. Anayimba masana mkati mwa mpanda wa udzu. Ana a mu msasa sanaloledwe kulowa, choncho iye anaboola udzu ndi chala nasuzumira mpaka dzuwa kupendeka. Nthawi ina woyimbayo anatembenukira ku mpandako namwetulira. Pepalalo analitola pambuyo pake pa dzala la kuseri kwa golosale.

"Zinali zachibwana, bambo."

"Zachibwana zimene mumazilemba pamutu panga Loweruka lililonse?"

"Nanga ndakulakwirani chiyani? Ndinapita naye kuti? Iye sadziwa n'komwe kuti ndili ndi moyo."

Apa ndi pamene pali mkwiyo wanga, ndipo ndipempha wowerenga aumvetse. Akadakhala mwamuna wa m'mudzi momwemo, ndikadamuitanitsa pamaso pa ankhoswe, akadayankha, mlandu ukadatha. Koma pepala ndingaliitanitse kuti? Munthu ameneyo sanasenzepo mtolo wa udzu wofolerera nyumba ya mkazi wanga. Sanalimirepo apongozi anga mzere umodzi. Sanathamangepo ndi mwana wokomoka pa njinga kupita ku chipatala. Anangomwetulira mpanda wa udzu tsiku limodzi, ndipo ndi kumwetulira kumeneko anasankha amene adzakwatire mtsikanayo, malaya amene adzavale, ndi mmene adzapendeketsere khosi. Ine ndinkayenda m'mudzi ndi mutu wa munthu wina, ndikupereka moni mwaulemu, akazi a pa chitsime akutsinana.

M'mawa mwake ndinakwera njinga kupita kwa wometa wa pa msika.

"Chotsani lonse," ndinamuuza.

"Mpala, akulu? Kwagwa zovuta kwanu?"

"Ndati chotsani."

Pano ndiyenera kulemba cholakwa changa, ndipo sindichichepetsa. Kwathu kuno munthu amene wasunga tsitsi zaka zambiri sangomete mpala popanda chifukwa. Timameta tikaika maliro, ndipo mwamuna amameta akataya mkazi. Ndinkadziwa zimenezi kuyambira ubwana. Koma m'mawa umenewo ndinkangofuna kuti mzerewo uchoke, ndipo funso la wometa linalowa khutu ili ndi kutulukira linali. Sindinaganizire n'komwe kuti kunyumba ndasiya mkazi woyembekezera.

Pobwerera, akazi awiri amene ankachokera ku dimba anatula madengu awo m'mbali mwa njira.

"Pepani, bambo, sitinamve. Atisiya ndani?"

Ndinapalasa njinga n'kuwapitirira. Mbiri inafika kumudzi ine ndisanafike. Apongozi anga aakazi, amene m'zaka zonsezo sanandiyankhulepo maso ndi maso monga mwa ulemu wathu, anaima kuseri kwa nkhokwe atandifulatira, nayankhula mokweza ngati akuuza nkhokweyo.

"Afunseni akamwiniwo, ameta maliro a yani? Kwawo kulibe wamwalira. Mwana wanga ali ndi pakati, akupuma, akuyenda, iwo ameta kale. Atiuze, manda akumba kuti?"

Mkazi wanga anatuluka, naona mutu wanga, nagwira mimba yake ndi manja onse awiri. Dzuwa lisanalowe bulangeti langa ndi thumba la mapepala zinali panja. Ndinapita kwa amalume, ndipo ndinakhala kumeneko milungu itatu, osaona ana anga, osadziwa ngati ndidzaloledwa kubwerera.

Ankhoswe anakumana m'mawa pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo pa apongozi. Mbali yanga panali amalume, mbali ya mkazi wanga panali mchimwene wake wamkulu. Ndinali nditalemba madandaulo anga pa masamba atatu. Ndisanamalize tsamba loyamba mchimwene wakeyo anandidula.

"Alamu, tifupikitse. Mukuchita nsanje ndi pepala?"

"Ndikuchita nsanje ndi zaka khumi ndi chimodzi," ndinayankha.

"Ndiye zakazo zibwerera chifukwa mwatimetera maliro?"

Pa mfundo imeneyo ndinagonja. Ndinavomera kuti ndinaopseza mkazi woyembekezera ndi abale ake, ndinapepesa, ndipo amalume anapereka tambala amene tinabwera naye. Apongozi, ali kuseri kwa nyumba, anatumiza mawu akuti amva. Onse anayamba kudzuka, poganiza kuti nkhani yatha.

"Sindinamalize," ndinatero. "Ndili ndi pempho limodzi. Amayiwa anene pamaso panu chimene anaona mwa ine chimene sichili pa pepala lija. Akachinena, ndilowa m'nyumba. Akachisowa, ndibwerera ndi amalume, pakuti sindingakhale m'malo mwa munthu wina mpaka kufa."

Amalume anandiponda phazi. Sindinabweze mawu.

Mkazi wanga anakhala pa mphasa atatambalala, akuyang'ana zala za kumapazi kwake. Nkhuku inadutsa pakati pathu ndi anapiye ake, inafika ku nkhokwe, inabwereranso. Mchimwene wake anatsokomola. Ine ndinayamba kupinda masamba anga atatu aja.

"Pa galimoto paja ndinaona nkhope ija," anayamba motsitsa mawu. "Sindikana. Ukwati ndinauvomera chifukwa cha nkhope ija. Sindikananso."

"Mwamva nonse," ndinatero.

"Dikirani, bambo, mwayankhula masamba atatu. Chaka chathu choyamba tinapita kukatsegula munda wakale wa bambo anga, uja wa kutsidya kwa mtsinje. Anthu onse ankauopa chifukwa cha mina. Titatentha udzu munandiimika pa mwala. Munati, musachoke pamenepo. Munayenda nokha munda wonse, uku ndi uku, ine ndikuona. Kenaka munati ndiziponda pokhapo pamene mwaponda inu. Nkhope yanu inali bii ndi phulusa, thukuta likuyenderera, mutu mutakulunga chisanza. Tsiku limenelo simunkafanana ndi munthu wina aliyense."

Anakweza maso nayang'ana mutu wanga, umene tsitsi linali litayamba kumera ngati udzu wa pa lupsa.

"Ndi mutu umenewu mwaipa kwambiri," anatero. "Lowani m'nyumba, ana akukufunsani."

Ndinalowa. Ndinapempha kuti pepalalo litenthedwe, koma mkazi wanga anakana. Anati pa zonse zimene anabwera nazo kuchokera ku msasa, mabulangeti, mapoto, makasu, chimenecho chokha ndi chimene sanachilandire pa mzere wa chithandizo. Ankhoswe anagamula kuti mlamu wanga apite nalo ku Nsadzo, ndipo lili komweko. Mwana anabadwa bwino, wamkazi, ndipo apongozi anasiya kuuza nkhokwe za ine.

Wina anganene kuti zinatha bwino ndipo ndiyenera kukhala chete. Sindikhala chete. Yankho la mkazi wanga ndinalilandira ndipo ndimalikhulupirira, koma nkhuku inapita ku nkhokwe ndi kubwerera iye akulifunafuna. Nyimbo ya woyimba uja amaizindikira gitala itangolira kamodzi. Chithunzi cha ukwati chikadali pakhoma, pakuti china tilibe, ndipo mlendo aliyense amaona khosi langa lopendekeka. Mlamu wanga akabwera amandipatsa moni ndi maso oseka.

Tsitsi litakula, Loweruka lina, mkazi wanga anatulutsa beseni ndi lezala nandifunsa ngati andimete. Ndinati andimete popanda mzere. Anayamba bwino. Atafika kumanzere anagwira chibwano changa monga kale, napendeketsa mutu wanga, dzanja lake likudziwa lokha kopita. Anazindikira, naima. Ndinadzuka tsitsi lili theka, ndi kupita ku msika. Sanandifunsenso, ndipo ine sindinamupemphenso.

Ichi ndiye chimene ndimamuimba nacho mlandu woyimba uja kuposa zonse. M'moyo wanga wonse panalibe nthawi yabwino yoposa ija ya Loweruka masana, madzi ofunda ali pakhosi, dzanja la mkazi wanga lili pachibwano. Iye anailowerera nthawi imeneyo isanayambe n'komwe, ndipo pochoka anapita nayo. Ndalembera anthu madandaulo a minda, a malire ndi a ziphaso zotayika, ndipo onsewo ali ndi khomo lokawapereka. Ili lokha lilibe woti alidinde.

Loweruka masana ndimakhalabe pa mpando uja kuseri kwa nyumba, tsitsi langa litametedwa ndi munthu wa pa msika. Mkazi wanga amandidutsa ndi beseni lomwe lija, kupita kukachapa.