Mabatani Awiri a Felizarda

Ndinadzuka tambala asanalire. Nkhungu inali itakuta Zóbuè yense, ndipo amayi a mpingo amene anachezera kuimba m'nyumba ya siwa anali atasasa mawu. Kuseri moto unali utayatsidwa kale, koma nkhuni zinali zaziwisi, utsi wokhawokha.

Ntchito yanga tsiku limenelo inali imodzi: kuwerenga kumanda mbiri ya mlongo wanga Felizarda. Iyeyu anabadwira ku Malawi, kothawa nkhondo, ine ndili kamwana kosadziwa kanthu. Amayi anali pambali pa bokosi, osatha kuyankhula, ndiye wofotokoza anatsala atsibweni okha. Atsibweniwo akalamba, nkhani amainena kamodzi. Ukawafunsanso amayamba za mbuzi zawo. Ndinakhala nawo pamoto, iwo akunena, ine ndikulemba pafoni, m'pulogalamu imene Felizarda yemweyo anapanga ali pantchito ku Tete, yoti alimi azilembamo za kumunda.

Dzuwa silinaoneke. Machapa, maminibasi a kwathu kuno, anayamba kutsitsa anthu: a ku Moatize, ena atavala nsapato za kumgodi wa malasha. A ku Kambulatsitsi anabwera panjinga, matope mpaka m'mawondo. Tikunyamuka ndi bokosi, mvula yamawawa inayamba, koma palibe anabwerera.

Kumanda, padiri, wansembe wathu, atandikodola, ndinatulutsa foni. Galasi litanyowa, ndinapukuta ndi chala. Mayo ine! Ndinakhudza potulukira m'pulogalamuyo. Chitsiru ine, ndinali ndisanasunge ngakhale liwu limodzi, anthu onsewo maso ali pa ine.

Koma foni sinatseke. Panabwera mawu akuti: "Dikirani kaye! Simunasunge. Mukatuluka, zonse zitayika." Pansi pake panali batani lalikulu lakuti "Sungani", pomwe pamafikira chala. Lakuti "Tayani" linali laling'ono, patali, pakona.

Mabatani amenewa ndinkamuseka nawo Felizarda. Munthu wamkulu, wophunzira, kusowa tulo chifukwa cha mabatani awiri! Iye ankati kulemba "Inde" ndi "Ayi" n'kutchera anthu msampha, pakuti wotopa amangodina "Inde" osawerenga. Batani lizinena lokha chimene lichite. Akabwera kumudzi ankawayesa pa zala za amayi, zokhakhala ndi khasu, n'kumakulitsa mpaka amayi atasiya kuphonya.

Ndinadina "Sungani". Ndinawerenga mbiri yonse, kuyambira kumsasa wa othawa nkhondo mpaka matenda amene anamutenga, atsibweni akugwedeza mutu. Zikomo mlongo wanga, unkadziwa kuti enafe tinabadwa opupuluma.

Madzulo anthu atabalalika, m'nyumba munali zii. Amayi, atafunda nsalu ya kapulana, anandifunsa chimene ndinaimira duu kumanda kuja. Ndinawafotokozera.

"Tandionetsa," anatero.

Ndinalemba chilembo chimodzi, n'kukhudza potulukira, n'kuwawerengera mawu aja. Amayi sadziwa kuwerenga, koma anatenga foniyo ndi manja awiri, n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Nditatambasula dzanja kuti nditseke, anandiletsa.

"Usadine chilichonse, iwe. Msiye akhale nafe kaye."