Bambo Amene Ankatuluka Ndili Pakati Poyankhula

Nditamaliza maphunziro a zaumoyo pachipatala cha mishoni, anzanga ambiri anatsala m'mawodi. Ine ananditumiza kumidzi ya m'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi kuti ndizikaphunzitsa anthu za ukhondo, za kadyedwe ndi za matenda a shuga. Anandipatsa njinga yakapalasa, zithunzi zojambulidwa pansalu ndi kabokosi kamatabwa ka zipangizo. Bambo anga, amene anali mkulu wa mpingo, sanaikonde ntchitoyi. Ankati m'masiku amenewo a chipani chimodzi, mtsikana woima pamaso pa anthu n'kumayankhula anali kudziputira mavuto. Pondiperekeza anandiuza kuti ndizinena za thupi la munthu basi, za dziko ndizisiyira eni ake.

Ndinkagona kunyumba kwa mphunzitsi wamkulu wa pasukulu ina ya mpingo cha ku Msakambewa, ndipo misonkhano ndinkachitira pabwalo la sukuluyo kapena m'matchalitchi a m'midzi yozungulira. Za zimbudzi ndi zitsime anthu ankamva msanga. Za shuga ndiye ankangondiyang'ana. Shuga ankamudziwa wa mu tiyi, wogula kugolosale fodya akagulitsidwa, ndipo sankaona njira imene akanasandukira matenda. Choipa kwambiri chinali kabokosi kaja. Munali timachubu tagalasi, kanyale ka spiriti ndi botolo la mankhwala abuluu oyezera mkodzo. Ndikapempha mkodzo, anthu ankayamba kuchoka mmodzimmodzi. Ena ankati ndikukautumiza kunja kuti amayi asiye kubereka. Ena ankati ndine mnzawo wa anthu opopa magazi amene mbiri yawo inali ponseponse nthawi imeneyo. Mayi wina anandifunsa poyera kuti munthu wanzeru angapereke bwanji za m'thupi mwake kwa mlendo amene sakudziwa ndi kwawo komwe.

Pakati pa anthu ochepa amene ankabwera, ndinayamba kuona bambo ena aatali, ovala jekete yakuda yowakulira. Ankakhala kumbuyo, osafunsa funso, osaseka ngakhale ena akuseka. Ndikasamukira kumudzi wina, mwina kuseri kwa phiri, ndinkawapeza afika kale. Ndipo msonkhano uliwonse ankadzuka ndili pakati poyankhula, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba, pakapita kanthawi n'kubwerera pamalo pawo.

Tsiku lina ndinkafotokoza kuti kunenepa si thanzi nthawi zonse, ndi kuti ufa wa mgaiwa ndi wabwino kuposa woyera. Mawuwo atangotuluka ndinazindikira mmene angamvekere. Pamisonkhano ya chipani ankatiuza kuti anthu a dziko lino akudya bwino ndipo anenepa, ndiye ine ndinali kunena chiyani? Nthawi yomweyo bambo aja anadzuka n'kutuluka. Ndinamaliza phunzirolo n'kulongedza kabokosi kanga.

Madzulo ndinafunsa akazi a mphunzitsi kuti bambowo ndi ndani. Anayamba ayang'ana pakhomo, kenako anandiuza motsitsa mawu kuti ndi apampando a nthambi ya chipani ya kuseri kwa phiri, mlimi wamkulu wa fodya wa chikopa, ndipo akanena kanthu kuboma amamveka. Anawonjeza kuti Dzaleka si patali. Aliyense kudera kwathuko ankadziwa kuti amene apita kundende imeneyo nthawi zambiri amapita chifukwa cha pakamwa.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kukhulupirira aliyense. Ndinkadzifunsa kuti bambowo amadziwa bwanji mudzi umene ndikupita, popeza ndinkauza a m'nyumba momwemo okha ndi akulu a mpingo. Ndinayamba kukayikira mphunzitsi, kenako akazi ake amene ankandipatsa madzi osamba m'mawa uliwonse. Khadi la chipani ndinalisokerera m'kathumba mkati mwa diresi. Phunziro la kadyedwe ndinalidula, ndinkangonena zizindikiro za matenda: ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kuonda munthu akudya bwino, chilonda chosapola, nyerere kuunjikana pamene munthu wakodza. Zimenezi ndinkaona kuti palibe angazipotoze. Koma ndikamazitchula, bambo aja ankandiyang'anitsitsa kuposa kale.

Loweruka lina masana ndikuchapa kuseri kwa nyumba, akazi a mphunzitsi anabwera kudzandiuza kuti ndili ndi mlendo. Nkhope yawo inandiuza kuti ndi ndani. Ndinapukuta manja. Ndinawapeza bambo aja atakhala pampando pakhonde, chipewa chili pabondo. Nditagwada n'kuwapatsa moni, anapempha madzi akumwa. Anamwa chikho chonse, n'kupemphanso china.

"Mayi," anatero, "ndani anakuuzani za ine?"

Ndinayankha kuti sindikumvetsa.

"Mukumvetsa. Mudzi uliwonse mukunena za ine. Ludzu, kukodza, nyerere. Ngakhale chilonda cha kuphazi kwangaku mukuchidziwa, chimene sindinaonetse munthu. Akwawo kwa akazi anga ndiwo anakutumani?"

Ndinakumbukira mmene ankadzukira pamsonkhano uliwonse, ndipo ndinazindikira kuti ankapita kukakodza. Kenako ndinayang'ana bwino jekete ija, khosi lawo, ndi nsapato ya kumanzere imene anaidula pamwamba. Ndinachita manyazi kuti ine wophunzitsa zizindikiro ndinakhala nawo milungu yonseyo osaziona.

Anandifotokozera okha, mosafuna. Anayamba kuonda chaka chapitacho. Abale awo anapita nawo kwa sing'anga, ndipo kumeneko kunamveka kuti akazi awo akuwathirira mankhwala m'chakudya kuti atsale ndi chuma cha fodya. Mayiwo anali a chitengwa, ankakhala kwawo kwa mwamuna, choncho anawabweza kwawo cha ku Chisepo. Koma matenda sanasinthe. Atamva kuti kwabwera mtsikana amene akutchula zonse za m'thupi mwawo, anaganiza kuti ndi chiwembu cha akuchikazi chofuna kuyeretsa mwana wawo, ndipo ananditsatira kuti andigwire bodza. Za kumene ndikupita ankamva kutchalitchi, pa zolengeza za Lamulungu.

Ndinawauza kuti sindinawaonepo akazi awo, ndipo zizindikirozo zili m'mabuku a kuchipatala. Sanakhulupirire. Ndinati ndiwayeze aone okha. Anavomera, koma anaika malamulo awo: aone chilichonse ndi maso, ndipo mkodzo wotsala akataye okha. Ndinathira mankhwala abuluu m'kachubu, ndinadonthezamo mkodzo wawo, n'kukawotcha pa kanyale. Mtundu unayamba kusintha, unabiriwira, kenako unafiira ngati njerwa yowotcha.

Anati mankhwala amenewo akhoza kufiira ndi mkodzo wa aliyense. Anaitana mphunzitsi, amene nthawi yonseyi ankanamizira kukonza mpanda chapafupi, n'kumuuza kuti naye apereke wake. Mphunzitsi sakanakana. Wakewo unawira mpaka kuchita thovu, koma unakhalabe wabuluu. Bambo aja anatenga timachubu tiwirito, n'kutiyang'ana padzuwa nthawi yaitali.

Lolemba ndinawaperekeza kuchipatala. Anawagoneka, anatsuka chilonda chija, ndipo potuluka anawapatsa mankhwala ndi malangizo a zakudya. Tiyi wawo wothira shuga wambiri, amene ankanyadira kuti alendo amamudziwa, anamusiya modandaula. Miyezi ingapo itapita jekete ija inayamba kuwakwana.

Kenako anandipempha chinthu chimene sichinali m'maphunziro anga, kuti ndipite ku Chisepo ndikafotokozere akazi awo ndi akwawo. Iwo ankati akapita okha sakawamvera. Ndinapita ndi mkulu wina wa mpingo. Mayiwo tinawapeza akutong'ola chimanga, munthu wamfupi, wa maso akuthwa. Anamvetsera zonse osasiya ntchito yawo. Nditamaliza anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Inuyo ndinu ndani wawo?" anafunsa.

Ndinati ndine mlangizi wa zaumoyo chabe.

"Mlangizi woyenda mtunda wonsewu chifukwa cha mwamuna wa mwini? Anandithamangitsa ngati mfiti anthu akuona. Lero atuma mtsikana kuti adzandiuze za shuga."

Mkulu wa mpingo anayesa kuwakhazika mtima pansi, koma mayiwo anati ngati amuna awo ali ndi mawu, abwere okha pamodzi ndi abale awo amene anapita kwa sing'anga aja, adzanene pamaso pa anthu. Tinabwerera opanda yankho lina, ndipo m'njira mkulu uja anandilangiza kuti ndisadzalowererenso nkhani za m'banja, chifukwa anthu ayamba kale kunong'ona za ine ndi apampandowo.

Apampandowo anapitadi okha, ngakhale abale ena anakana kuwaperekeza. Mayiwo anabwerera fodya atatha kugulitsidwa. Ndinkapita kwawo kamodzikamodzi kukaona phazi lija ndi kuwafotokozera mayiwo za kaphikidwe. Ankandilandira mwaulemu koma sankandisiya ndekha ndi amuna awo. Chakudya chikafika, ankayamba atapako iwo, n'kudya pamaso pa aliyense amene analipo, kenako n'kukankhira mbale kwa amuna awo. Bambowo ankawauza kuti zimenezo n'zosafunikanso, koma mayiwo sanasiye.

Anthu a m'nthambi yawo anayamba kubwera ndi timabotolo tawo kudzayezetsa, ena chifukwa chofuna, ena chifukwa apampando anena. Awiri kapena atatu tinawapeza ndi matendawa. Ine ndinabwezeretsa phunziro la kadyedwe, koma mawu ndinkawasankhabe. Bambowo anali odwala, inde, koma analinso apampando, ndipo sindinadziwe ngati ankakanena kwina zimene ndinkaphunzitsa kapena ayi. Tsiku lina, akuseka, anandibwerezera ndendende mawu anga aja a za kunenepa, n'kunena kuti munthu wina akanawamva molakwika. Ine sindinaseke.

Patapita zaka zingapo anandisamutsira ku Ntchisi. Ndili kumeneko ndinamva kuti chilonda china chinabuka kuphazi kwa apampando aja nthawi ya dzinja, milatho itakokoloka, ndipo pofika nawo kuchipatala mwendo unali utawonongeka. Anamwalira komweko. Akazi a mphunzitsi, amene ndinakumana nawo pamsonkhano wa amayi a mpingo, anandiuza kuti pamaliro abale ena a malemuwo anayambanso kunong'ona za mankhwala a m'chakudya, ndipo ena ankatchula ine ndi kabokosi kanga. Mayi amasiyewo sanadikire kuti mwambo wonse uthe. Anamanga katundu wawo n'kubwerera ku Chisepo, ndipo ana awo aakazi anapita nawo.