Nsapato za mlongo wanga

Mlongo wanga anaphedwa masana dzuwa likuswa mtengo, pafupi ndi siteji ya maminibasi ku Bangwe. Wina anakuwa kuti "wakubayo!" anthu n'kumuunjirira ndi miyala ndi matabwa. Foni imene ankati waba inapezeka pambuyo pake m'chikwama cha mwiniwake. Apolisi anagwira anthu angapo, koma anawamasula poti panalibe wofuna kuperekera umboni. Tinakamuika kwathu ku Nsanje, titabwerako ine ndinapitiriza kuphunzitsa kupulaimale. Sindinkalira. Ndinkadzuka, kusesa, kupita kusukulu, kubwerako, kugona.

Patapita zaka, kuparishi kwathu kunabwera anthu atatu a kuyunivesite. Ankafufuza ngati anthu angakhalenso limodzi mwamtendere pamalo pamene gulu linaphapo munthu. Panali bambo wa zamalamulo, mayi wa za maganizo a anthu, ndi mzungu wamkazi wophunzira za chikhalidwe, amene sankamva Chichewa. Abambo mfumu ndi amene anawalozera kwathu.

Anali anthu aulemu. Anavula nsapato pakhomo, anakhala pamkeka, ndipo anabwereza kangapo kuti tikhoza kukana. Anati mmodzi mwa anthu a tsiku lija wawapempha yekha kuti aonane ndi amayi. Anali wometa tsitsi wa pasiteji pomwepo, ndipo ndi amene anayamba kukuwa. Ndinkamudziwa. Ndinkadutsa pa kashopu kake m'mawa uliwonse.

"Amayi, mukuti bwanji?" ndinawafunsa.

"Abwere," anatero, maso ali pa nyemba zimene ankasankha.

Amayi zikawavuta mumtima amasiya Chichewa n'kuyamba Chisena, ndipo pa atatuwo panalibe wochimva. Motero womasulira ndinakhala ine. Mayi wa za maganizo uja anandikokera pambali n'kunena kuti si bwino kuti ndimasulire ine, angathe kupeza munthu wina. Ndinamuuza kuti palibe vuto. Sindinkanama. Sindinkamva chilichonse mumtima.

Tinakumana Loweruka masana m'kachipinda ka kuparishi. Patebulo panali mabotolo a zakumwa ndi kamakina kojambulira mawu. Wometa uja anabwera atavala jekete lalikulu kumuposa, ndipo anakana mpando, n'kugwada pasimenti.

"Amayi," anayamba, "ine sindinamuone akuba. Ndinangoona akuthamanga, mayi wina akulira kumbuyo kwake. Iye ankathamangira minibasi. Sindinaponye mwala, koma pakamwa pangapa ndi pamene panamupha. Sindigona. Mundikhululukire."

Ndinatembenukira kwa mzungu uja n'kumasulira zonse m'Chingerezi, mawu ndi mawu. Ndinazindikira kuti ndikunena kuti "mwana wawo," osati "mlongo wanga." Mawu anga ankamveka ngati pamene ndikuwerengera ana za mayeso.

Panja ana a kwaya ankabwereza mzere umodzi womwewo. Amayi anafunsa m'Chisena, ine n'kumasulira:

"Akuti nsapato zake zili kuti? Kumotchale tinamupeza alibe nsapato."

Wometa uja anayang'ana ine, n'kuyang'ana alendowo. "Sindikudziwa, amayi. Anthu anali ambiri."

"Anachoka pakhomo atavala," anatero amayi. "Ndinamuona akupukuta."

Wa zamalamulo anafunsa amayi ngati angakonde kuti mlandu utsegulidwenso. Wa za maganizo anawafunsa mmene akumvera mumtima. Amayi anawayankha onse chimodzimodzi, kuti atopa, akufuna kupita kunyumba.

Tikutuluka ndinamva atatuwo akukambirana motsitsa mawu pakhonde. Wa zamalamulo ankati amayi akupempha chipukuta misozi, kungoti sakudziwa katchulidwe kake. Wa za maganizo ankati ayi, mtima wawo unaima pa tsiku lija, wagwira chinthu chaching'ono poopa chachikulu. Mzungu uja anafuna kudziwa ngati kwathu kuli mwambo wokhudza kuika maliro opanda nsapato. Anandifunsa ine. Ndinati sindinamvepo. Anandifunsanso kuti ineyo ndikuganiza kuti amayi amatanthauza chiyani. Ndinati mwina amangofuna kudziwa kumene kunapita nsapatozo.

Sabata yotsatira, ndikuchapa kuseri, ndinamva "odi." Anali wometa uja, atanyamula jumbo yakuda. Anagwada patali n'kuikankhira kwa amayi. Munali nsapato zachikopa za pa kaunjika, zopolishidwa bwino.

Amayi anatulutsa imodzi, anaitembenuza, n'kuiyeza ndi chikhatho.

"Izi zamuchepa," anatero m'Chichewa. "Anali ndi phazi la bambo ake."

"Ndikasinthe, amayi?"

"Ayi. Zisiyeni."

Anandituma kuti ndimupatse madzi akumwa. Ndinamupatsa, anamwa, anathokoza, n'kumapita. Nsapatozo zinakhala pansi pa bedi la amayi mpaka zinachita nkhungu nthawi ya mvula. Sanazitchulenso.

Ofufuza aja anabweranso kamodzi kudzatifunsa ngati pali chimene chasintha. Amayi anali atapita kumaliro ena, choncho ndinawayankha ndine. Ndinawauza za jumbo ija. Wa za maganizo anagwetsa misozi. Ndinamuyang'ana ngati mmene umayang'anira mvula ikugwa kuphiri la Mpingwe iwe uli pouma. Anandisiyira nambala ya munthu amene ndingakacheze naye ndikafuna. Sindinaimbe.

Chaka chathachi amayi anabwerera ku Nsanje, akuti m'tauni mwawakwana. Ine ndidakali m'nyumba yomweyi. Wometa uja anakulitsa shopu yake, pano amatchajanso mafoni. Akandiona amazimitsa makina, n'kuima pakhomo.

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi? Amayi ali bwanji kumudzi?"

Ndimamuyankha kuti ali bwino, miyendo yokha ndiyo ikuwavuta.