Khoma la amayi ndi penti ya amalume

Amalume anatsika minibasi ya ku Lusaka atavala kachipewa kaubweya kakuda, kopanda mlomo, kophwatalala ngati chitumbuwa chimene munthu wachikhalira. Ankakapendeketsa kukhutu lakumanzere ndipo ankakavula posamba pokha. Pofika Okutobala, dzuwa la ku Chinyunyu likufewetsa phula la mumsewu, kachipewako kanali kakununkha ngati mbuzi yovumbwa. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndinkakhulupirira kuti nzeru zonse za padziko zili pansi pake. Zimandichititsa manyazi kunena, koma tsiku lina iwo ali kubafa ndinakayesa pamutu panga, n'kupirira fungolo mosangalala.

Anali mlongo wawo wa amayi, mzime wa m'banja lawo, ndipo anali atangomaliza zaka zitatu ku koleji ya zojambula. Anawaphunzitsa ndi amayi, ndi nthochi ndi mbatata zimene ankagulitsa m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Chipata. Atate anali atamwalira kale, choncho mawu a mwamuna pakhomo pathu anali a amalumewa. Ntchito m'tauni sinapezeke. Iwo sanatero ayi, anati abwera kumudzi kudzafuna maganizo atsopano.

Makolo athu anachokera kum'mawa, ndipo amayi anabwera ndi mwambo wa kwawoko. Mvula ikatha, chimanga chitalowa m'nkhokwe, ankazira nyumba yonse n'kulemba makoma ndi dothi la mitundumitundu. Lofiira ankakumba pachulu kuseri kwa tchalitchi. Loyera linkachokera kufupi ndi kasupe wa madzi otentha wa kwathu ku Chinyunyu, kumene mpweya umanunkha mazira owola, ndipo tinkabwerako mapazi atayera mbuu. Lakuda linali la kudambo, losakaniza ndi ufa wa m'mabatire akale a wailesi. M'beseni lililonse ankathiramo madzi oterera a makungwa a mtengo wina, amene ankakasenda okha kuthengo, ndipo ndi madziwo amene ankachititsa kuti mvula isakokolole zolembazo. Bulashi yawo inali kansanza ndi zala zitatu. Ankalemba mizere yokhotakhota, mapazi a nkhanga, timapiri totsatizana, popanda kuyeza kapena kuyamba alemba pansi, koma mzere woyambira kungodya ino unkakakumana ndi unzake kungodya inayo.

Ine kuyambira ndili wamng'ono ankandipatsa khoma la kuseri kwa khitchini, loonedwa ndi nkhuku zokha. Chaka chimenecho, tikusenza dothi loyera, anandiuza osatembenuka kuti dzanja langa lakhwima, ndiye khoma lakutsogolo, loyang'ana kumsewu, likhala langa. Limeneli linali khoma loonedwa ndi aliyense wodutsa pabasi, ndipo azimayi a m'mudzi ankaweruza nalo pakhomo ponse. Ndinayamba kuyeserera pansi ndi kamtengo tsiku lomwelo, mpaka bwalo lonse linadzaza ndi nkhanga.

Amalume anandipeza ndikuchita zimenezo. Anaima, manja kumbuyo, nayang'ana nthawi yaitali, ndipo anati luso ndili nalo koma likuwonongeka.

"Ivi ni vakumunzi, mwana wa asisi," anatero. "Vilibe pasipekitivu."

Liwu limeneli linandikomera ngati switi. Anandifotokozera kuti ndi njira yojambulira zinthu kuti zakutali zizioneka zazing'ono, zapafupi zazikulu, monga momwe msewu umacheperachepera ukamapita kumapiri. Anaika botolo lopanda kanthu pampando, nandipatsa pensulo ndi pepala, nandiphunzitsa kutambasula mkono, kutsinzina diso limodzi, n'kuyeza botololo ndi chala chachikulu. Ndinajambula botolo limenelo masabata atatu. Sindinganame, zimene ankaphunzitsazo zinali zoona, ndipo lero ine ndimaphunzitsa ana a anthu zomwezo. Koma pamodzi ndi pensulo anandipatsanso kakamwa kopotoka kamene ankayang'ana nako chilichonse cha pakhomo pathu, ndipo limeneli ndilo phunziro limene ndinaligwira msanga.

Masana ena ndinapeza amayi atayamba khoma lam'mbali. Anali atagwada, chitenje chitathimbirira, mikono yofiira mpaka m'zigongono, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Ndinaima kumbuyo kwawo monga ankaimira amalume, manja kumbuyo, ndipo ndinaseka.

"Amayi, vanu vilibe pasipekitivu. Ni vakumunzi."

Ndinalankhula ndi kalankhulidwe ka m'tauni, ine amene Lusaka ndinali ndisanamuoneko. Nyimbo ija inaduka. Anayang'ana khomalo, kenaka manja awo, nangoti, "Oho." Anamaliza mzere umene anali pakati pake, chifukwa amayi sankasiya chinthu pakati, n'kupita kukasamba m'manja. Ndikakumbukira kamtsikana kaja, kamiyendo yotuwa, kakuseka mayi ake ndi mawu obwereka, ndimalakalaka nditabwerera n'kukakapotokola khutu.

Pasanathe sabata amalume analengeza kuti khoma lakutsogolo alijambula okha ndi penti yeniyeni, kuti anthu a ku Chinyunyu aoneko luso la kusukulu. Anapita ku Rufunsa nabwera ndi zitini za penti yamafuta, yonyezimira ija imene amapaka zitseko za mashopu. Amayi anatsutsa kamodzi kokha. Anati nyumba yathu ndi ya mitengo yomata dothi, ndipo khoma la dothi limapuma, limamwa chinyezi n'kuchitulutsa, ndiye ukalitseka ndi mafuta limawola m'kati. Amalume anaseka mpaka kachipewa kusuntha, nati tsobola wakale sawawa.

"Ba sisi, nachita zaka zitatu pa ivi vintu. Imwe munachita zingati?"

Amayi akanatsutsa bwanji sukulu imene iwo eni anaisenzera nthochi pamutu? Anangonena kuti khomalo analonjeza mwana, ndipo onse awiri anayang'ana ine. Ndikanangoti ndi langa, nkhani ikanathera pomwepo, chifukwa amalume ankakonda kuoneka achifundo kwa ana. Ine ndinalipereka ndi manja awiri. Ndinachita kudumphadumpha, ndipo malipiro anga anali oti ndipake mtundu wa thambo pangodya imodzi pamene ndinkafikira.

Anajambula masiku asanu ndi anayi. Chinali chithunzi chimene anakhoza nacho mayeso ku koleji, msewu wocheperachepera wopita kumapiri a nsonga zoyera, nyanja yobiriwira, ndi mbalame ziwiri zazitali makosi zimene palibe munthu wa kwathu anazionapo. M'nyumba monse munkanunkha penti ndi palafini. Fungolo linalowa m'mabulangete, m'shuga, m'madzi akumwa, ndipo amayi ankadzuka mutu ukuwawa. Koma chithunzicho chinkawala padzuwa ngati mbale yatsopano. Anthu a m'maminibasi ankaloza ndi zala. Aphunzitsi athu, amene anali atangotumizidwa kuchokera ku Lusaka, anabweretsa kalasi yonse pamzere, natiimika pabwalo, nati tione chimene maphunziro amachita pamudzi. Ndinaonetsa anzanga ngodya yanga ya thambo mpaka anatopa nane. Amayi tsiku limenelo anakhala kumsewu ndi nthochi zawo kufikira ana onse atachoka.

Mu Okutobala khomalo linayamba matuza. Poyamba anali ang'onoang'ono, kenaka aakulu ngati chikhato, ndipo ukadina ndi chala ankabonyoka n'kutulutsa kafumbi. Amalume anati ndi kutentha chabe. Chimene sitinkaona ndi chiswe. Zaka zonse amayi ankazungulira nyumba m'mawa uliwonse, akaona kanjira ka chiswe n'kukapala, n'kuthirapo phulusa. Kuseri kwa penti kunalibe woona kanthu, ndipo chiswe chinadya mitengo mwamtendere miyezi inayi.

Mvula yoyamba inalowa pamwamba, pamene udzu wa denga unali wopyapyala, n'kutsikira kuseri kwa pentiyo, n'kusowa potulukira. Yachiwiri inasenda chithunzicho m'mapepala aakuluakulu, lililonse litamatirira dothi la khoma kumbuyo. Yachitatu inagwa masana tikudya. Tinamva phokoso lolemera, lonyowa, ndipo titatuluka tinapeza theka la khoma lili pansi, bedi la amayi likuonekera kumsewu. Mitengo inali itasanduka makoko, ndipo m'matopemo munali chiswe choyera, chonenepa, chikuyendayenda mulu wathunthu. Nkhuku za mudzi wonse zinabwera kuphwando. Mbuzi ya anansi inatola chidutswa cha nyanja n'kumatafuna, penti yobiriwira ikutsika ndi dovu. Fungo lake linali la dothi lowola losakanikirana ndi mafuta, ndipo mpaka lero ndikatsegula chitini cha penti yamafuta fungo lomwelo limandibwerera.

Amalume anazungulira muluwo kawiri, naweruza kuti vuto linali khoma, silinamangidwe mwa muyezo. Wodziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, koma awa anachita kugwetsa ya eni ake. Lachisanu la sabata lomwelo anakumbukira kuti pali munthu amene anawaitana ku Lusaka za ntchito, ndipo anakwera minibasi yam'mawa. Sanasenzeko ngakhale mtengo umodzi.

Inenso ndinadzapita ku sukulu ya zojambula nditakula, ndipo ndiye chifukwa chake makolo ndi ana amandifunsa ngati kuli phindu. Ndimawauza zoona. Kunandipatsa dzanja lokhazikika, anzanga ondidzudzula mosanyengerera, ndi pepala limene linandipezera ntchito yophunzitsa. Koma sukulu yomweyo ndi imene inatulutsa amalume, munthu wodziwa mayina a mitundu makumi angapo ya penti koma wosadziwa kufunsa kuti khoma ili ndi la chiyani. Mwana akabwera kwa ine kuti akufuna kukaphunzira zojambula, ndimayamba ndamufunsa kuti kwawo ndani amapanga zinthu ndi manja. Ambiri amati palibe. Ukafufuza umapeza kuti azakhali awo amaumba mbiya, kapena atate awo amaluka madengu oti madzi sadontha, koma iwo sawerengera zimenezo. Ndimanyansidwa, ndipo chimandinyansa kwambiri n'chakuti ndimamva mawu anga omwe m'kamwa mwawo.

Chaka changa chomaliza ku koleji, mphunzitsi wina anazimitsa magetsi m'kalasi natiwonetsa zithunzi za makoma a m'midzi ya kum'mawa, zojambulidwa ndi alendo akunja. Mizere yokhotakhota, timapiri, mapazi a nkhanga. Anati ichi ndi chuma cha dziko chimene chikutha, natiuza kuti tilembe masamba asanu ofotokoza tanthauzo lake. Anzanga ankalemba mwakhama m'makope. Ine ndinatuluka panja kukalavula. Tchuthi chitafika ndinapita kwa amayi kukafunsa dzina la mtengo wa makungwa uja. Anali atakalamba, akukhala m'nyumba ya njerwa ndi malata, ya makoma opanda kalikonse. Anandiyang'ana nati anaiwala. Amayi amakumbukira tsiku limene mbuzi iliyonse ya pakhomo inabadwa, ndiye ine sindinakhulupirire, koma ndinalibe nkhope yofunsiranso, chifukwa ndinkadziwa pamene nkhaniyi inathera.

Amalume atachoka, amayi anamanganso khoma lija okha, m'kati mwa dzinja, nthawi imene munthu wanzeru samata nyumba. Anadula mitengo, naponda dothi, namata, n'kumaphimba ndi masaka mvula ikamabwera. Kutachita ng'amba ya masiku angapo khomalo linauma. Loweruka lina m'mawa ndinawaona akutulutsa dothi limene tinasenza limodzi mu Meyi, limene anali atalisunga m'matumba pansi pa nkhokwe nthawi yonseyi. Analowa kuthengo, nabwera ndi makungwa, nasakaniza mabeseni atatu, lofiira, loyera, lakuda. Kenaka anawanyamula limodzilimodzi n'kudzawaika pamapazi panga, kansanza katsopano kali pamwamba.

"Khoma lako ili, mama. Lemba."

Ndinali nditaona zonse, matuza, chiswe, bedi lawo lili poyera. Komabe mumtima mwanga wolakwa anali khoma, monga ananenera amalume. Ndinabisa manja kumbuyo.

"Ine sinilemba na matope. Nizayembekeza penti na bulashi."

Sanandikalipire. Anakhala chogwada pang'ono, akuvundula dothi loyera ndi zala kuti lisakhazikike pansi, ngati akundipatsa nthawi yoti ndisinthe mawu. Kenaka anaimirira, nanyamula mabeseniwo, nakakhuthula onse atatu patsinde pa nthochi, mitundu yonse n'kusakanikirana kukhala matope wamba. Ine ndinakondwa kuti diresi langa la Loweruka silinade, ndipo ndinathamangira kumsewu kukasewera. Ndinkaganiza kuti mvula ikadzatha adzandiitananso kuti tikakumbe dothi, ndipo ndidzavomera ndikadzafuna. Sindinadziwe kuti amayi safunsa kawiri.